Garmin Forerunner 245: mafayilo a kuthamanga kwanga ndimasunga ndekha, popanda intaneti

Wotchi iyi ndinaigula kwa mnzanga wothamanga naye, itagwirapo kale ntchito. Za batire ndi GPS anthu analemba zambiri, ine sindibwerezanso. Chimene ndikufuna kunena ndi chimene ogulitsa satchula: kodi zimene wotchi yalemba ungazitulutse n'kuziika pa kompyuta yako popanda netiweki kapena bandulo? Ungathe, ndipo n'zosavuta kuposa mmene anthu amaganizira.

Tengani chingwe chomwe mumatchajira chija, lumikizani wotchi ku laputopu. Forerunner 245 yopanda nyimbo imaoneka ngati fulashi wamba. Mukatsegula mupeza foda ya GARMIN, m'katimo muli ina yotchedwa ACTIVITY, ndipo ulendo uliwonse womwe munathamanga uli mmenemo ngati fayilo yakeyake ya FIT, mtundu wa fayilo womwe mawotchi a Garmin amasungiramo masewero. Kopani, ikani pomwe mukufuna, basi. Palibe kulowa mu akaunti, palibe pasiwedi. Mafayilowo ndi aang'ono kwambiri moti chithunzi chimodzi cha pafoni chimaposa kuthamanga kwa ola lathunthu. Mtundu wa 245 Music umalumikizana mwa njira ya MTP ngati mafoni a Android, choncho a Mac amafunika kaye pulogalamu ina kuti aone mafodawo. Dziwani zimenezi musanagule.

N'chifukwa chiyani munthu angavutike chonchi pamene pali Garmin Connect, pulogalamu ya Garmin ya pafoni ndi pa intaneti yosungira zimene wotchi yalemba? Kwa ine choyamba ndi malo. Ndimakonda kukwera msewu wa Ku Chawe pa phiri la Zomba, nthawi zina ndimapita ku Mulanje, ndipo kumalo ngati amenewo netiweki imabwera n'kuchoka mmene yafunira. Chachiwiri ndi zimene zinachitika pa 23 July 2020, pamene akuba a pa intaneti anatseka makompyuta a Garmin ndi ransomware, Garmin Connect n'kukhala masiku angapo isakugwira. Othamanga odziwa za chingwe ankangotenga fayilo ya FIT n'kuiika okha pa Strava, webusaiti ina yosungirapo masewero, ena onse ankadikirira. Chachitatu, memori ikadzaza wotchi imafufuta zakale kwambiri kuti ipeze malo, osakufunsani.

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa: tengani FIT, osati GPX. Pa webusaiti ya Garmin Connect amakupatsani mwayi wotsitsa fayilo yoyambirira (ya FIT ija) kapena ya mitundu ina, TCX, GPX kapena KML, ndipo ambiri amathamangira GPX poti ndi dzina lodziwika. Koma GPX inapangidwira njira ndi malo, ndiye zinthu ngati malapu (zigawo zomwe wotchi imagawa ulendo wanu) sizibwera. Mukachita maintavo (kuthamanga mwaliwiro mosinthana ndi kupuma) a mamita 400 pa bwalo n'kutsegula GPX, mungoona mzere wozungulirazungulira, osadziwa pomwe munayamba liwiro ndi pomwe munapuma. TCX imasunga malapu ndi kugunda kwa mtima, ndiye ilibwinoko. FIT ndiyo ili ndi zonse, ndipo kuchokera ku FIT mungapange zinazo nthawi iliyonse. Kubwerera m'mbuyo sikutheka, ufa subwereranso kukhala chimanga.

Potsegula mafayilowa ndimagwiritsa ntchito GoldenCheetah, yaulere, yomwe imayenda pa Windows, Mac ndi Linux popanda intaneti. Kunena zoona inapangidwa poganizira okwera njinga, ndipo tsiku loyamba magirafu ake amazunguza mutu. Mukaizolowera mumatha kuika miyezi ingapo pamodzi n'kuona ngati mtima ukugunda pang'onopang'ono pa liwiro lomwe lija, chomwe ndi chizindikiro choti thupi likulimba. Wofuna kungoona njira ndi kukwera kwa phiri, GPXSee imamukwanira, imatsegula FIT nthawi yomweyo, ngakhale mapu akumbuyo saoneka pokhapokha mutakhala pa intaneti kapena mutawatsitsiratu. Okonda Excel angagwiritse ntchito FitCSVTool yomwe imabwera ndi FIT SDK (zida za Garmin za olemba mapulogalamu), koma imafuna Java ndiponso kuleza mtima, chifukwa mizere yake imatuluka yambirimbiri.

Kanthu kena kobisika: mu zosintha za wotchi muli Data Recording, yomwe imakhala pa Smart. Isintheni ikhale Every Second. Pa Smart wotchi imadumpha masekondi ena, ndipo m'tinjira tokhotakhota ta m'phiri mzere wa pa mapu umadula makona. Fayilo imakulako, koma osati zodetsa nkhawa.

Zomwe sizindisangalatsa kwenikweni ndi ziwiri, ndipo chimodzi si vuto la wotchi. Chingwe chotsika mtengo chomwe ndinagula pamsika chinkatchaja bwinobwino koma kompyuta sinkaona kalikonse, ndiye yesani chingwe musanalipire. Pukutaninso timano tinayi ta kumbuyo kwa wotchi, thukuta likaumirapo kulumikizana kumavuta. China n'chakuti za tulo ndi masitepe a tsiku ndi tsiku zimakhala m'mafayilo ena omwe mapulogalamu ndatchulawa sawawerenga ngati masewero, choncho pa zimenezo pulogalamu ya pafoni ndiyo imathandizabe.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Pokopa mafayilo gwiritsani ntchito Copy, osati Cut, chifukwa mukachotsa fayilo mu ACTIVITY wotchi isanatumize ku foni, ulendo umenewo sudzaonekanso pa Garmin Connect mpaka mutauikamo nokha.