Ndemanga: AeroScout S 2 1.1m, ndege yophunzirira kuulutsa ndi rimoti

Chimene chimapangitsa ndege ya kampani ya HobbyZone imeneyi kukhala yoyenera woyamba kumene ndi pamene anaika mota. Ili pamwamba, kumbuyo kwa phiko, ndipo pulopela imakankha m'malo mokoka. Wophunzira aliyense amagwetsapo ndege chamutu. Pa ndege ya pulopela kutsogolo, kugwa kotere kumathyola pulopela n'kupinda shafiti ya mota. Apa imakhwinyata ndi mphuno ya foam basi, mumata ndi guluu wa CA (supa guluu) n'kuulukanso.

Phiko ndi la mamita pafupifupi 1.1. Matayala ndi atatu, akuluakulu, lakutsogolo limakhota, moti imanyamuka bwinobwino pabwalo la mpira ngati udzu ndi wofupika.

Ndegeyi ili ndi SAFE, makina othandiza kuti iziuluka mokhazikika, yokhala ndi magawo atatu: Beginner, Intermediate ndi Experienced, komanso batani loiwongola ikasokonekera m'mwamba. Pa Beginner siipendekeka kwambiri, ndipo mukasiya timitengo ta rimoti imawongoka yokha. Vuto lake lili pomwepo. Dzanja limazolowera kukankhira kamtengo kumbali n'kukagwira konko mpaka kumaliza kukhota. Mukachita zomwezo pa Experienced, ndege imangopitiriza kugubuduka mpaka mphuno kuloza pansi. Mukangodziwa kutera, sinthirani ku Intermediate muli m'mwamba ndithu, musakhalitse pa Beginner.

Batire ndi ya mtundu wa LiPo ya 3S (ya maselo atatu), kuyambira 1300 mpaka 2200mAh. Ya 2200 ndiyo yabwino, kulemera kwake kumathandiza kukakhala kamphepo. Ikadzadza imakhala 12.6V. Terani selo iliyonse isanatsike pansi pa 3.5V, ndipo ngati simuuluka masiku angapo isungeni pa 3.8V selo iliyonse, apo ayi ingathe kutupa. Gulani mabatire awiri kapena atatu, limodzi silikwanira tsiku lophunzira. Mangani lamba wake zolimba: batire ikasunthira kumbuyo, mchira umalemera ndipo ndege siimveranso. Musananyamuke, ikwezeni ndegeyo ndi zala ziwiri pansi pa phiko pamalo amene buku lake lanena, mphuno iwerame pang'ono.

Kuiponya ndi dzanja kuti inyamuke sindikulimbikitsa, pulopela imadutsa pafupi ndi zala. Ndi yopepukanso, mphepo yamasana imaikankha kwambiri, choncho ulukani m'mamawa, ndipo nyamukani ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo.

Amene maso amawavuta patali angasankhe Apprentice STS ya E-flite, ya mamita 1.5, koma pulopela yake ili kutsogolo ndipo imafuna bwalo lalikulupo.