CFL+ ndi theka loyamba la Winnipeg Blue Bombers mu 2024

Munthu wofuna kuweruza timu ya Canadian Football League (CFL), ligi ya ku Canada ya mpira woponya ndi kuthamanga nawo m'manja, pakati pa nyengo ayenera kuonera masewero athunthu, chifukwa ndandanda wa mapointi ndi tizidutswa ta makanema sizinena zonse. N'chifukwa chake ndikuiyamikira CFL+, njira yoonetsera masewero pa intaneti imene ligiyi inakhazikitsa mu 2023. Kwa ife amene tili kunja kwa Canada ndi United States, masewero amaonetsedwa ulere pa tsamba la ligi, ndipo zithunzi ndi mawu a oulutsa zimachokera ku TSN, kanema amene amaonetsa mpirawu ku Canada. Ndaigwiritsa ntchito potsatira Winnipeg Blue Bombers, imene pofika kuchiyambi kwa Ogasiti 2024 inali itasewera masewero 9 mwa 18, itapambana atatu ndi kugonja asanu ndi limodzi.

Ziwerengero zimenezi zinali zochititsa manyazi kwa timu imene inali itafika pa ndime yomaliza ya chikho cha Grey Cup kanayi motsatizana, mu 2019, 2021, 2022 ndi 2023, n'kuchitenga kawiri koyambako. Woona ndandanda wokha akananena kuti nthawi ya mphunzitsi Mike O'Shea yatha. Timuyi inayamba ndi kugonja kanayi motsatizana, kuyambira pa bwalo lake la Princess Auto Stadium pamene Montreal Alouettes inaichinya 27 kwa 12. Koma woonera masewero onse anaona zifukwa zake. Kenny Lawler anathyoka mkono pa masewero oyamba, Dalton Schoen anavulala bondo posakhalitsa ndipo sanabwererenso chaka chimenecho, motero woponya mpira wa timuyi, Zach Collaros, anataya anthu awiri amene ankawadalira kwambiri powakha mpira. Collaros, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi mu 2021 ndi 2022, anadutsa masewero oyambirira aja osaponyako mpira wa touchdown (wofika nawo m'chigawo cha zigoli cha adani) ndi umodzi womwe. Pa CFL+ zinkaoneka poyera mmene ankazengerezera mpira uli m'manja, kudikira anyamata atsopano amene sanazolowerane nawo, mpaka adani kumupeza. Kuchoka kwa Jermarcus Hardrick, amene anapita ku timu ya Saskatchewan Roughriders, kunachepetsanso mphamvu ya khoma lomuteteza.

Apa ndi pamene CFL+ ikusonyeza phindu lake lenileni. Tizidutswa tofalitsidwa masewero atatha timakonda zigoli, koma mphamvu ya Winnipeg mu 2024 inali mwa otchinga, ndipo ntchito ya otchinga imaoneka kwa munthu wokhala pansi maola atatu. Mu mpira wa ku Canada timu imapatsidwa mwayi katatu kokha kuti isunthe mayadi 10, kusiyana ndi kanayi ku NFL, ligi ya ku United States, choncho otchinga akaletsa kawiri, adani amakakamizika kuumenya mpira kutali ndi kuupereka. Gulu la otchinga limene ankaliyang'anira Jordan Younger linachita zimenezi mobwerezabwereza. Pogonja ku Regina, kwawo kwa Saskatchewan, 19 kwa 9 ndiponso ku Toronto 16 kwa 14, otchinga anagwira ntchito yokwanira kupambanitsa timu, koma anzawo akutsogolo anawagwiritsa mwala. Pa 1 Ogasiti zonse zinagwirizana, BC Lions inatuluka m'bwalo la Winnipeg yopanda pointi, itachinyidwa 25 kwa 0. Mu ligi imene ngakhale mpira womenyedwa n'kufera m'chigawo cha zigoli umapereka pointi imodzi, kumana mdani chilichonse ndi chinthu chosowa kwambiri.

Brady Oliveira, mwana wa mumzinda wa Winnipeg momwemo amene anathamanga mayadi 1,534 mu 2023, anali akadali msana wa timuyi. Zithunzi zobwereza za TSN zimamuonetsa bwino akudikira kampata pakati pa matupi, kenako n'kuweramitsa phewa ndi kukankha munthu mayadi ena atatu. Ontaria Wilson, amene anali m'chaka chake choyamba mu ligiyi, anayamba kutseka dzenje limene Schoen anasiya. Kuweruza kwanga kunali kwakuti Winnipeg inali timu yabwino kuposa mmene 3 ndi 6 ankanenera, ngakhale kuti akutsogolo ake anali asanafike poti munthu angawakhulupirire masewero aliwonse.

Pali zinthu zimene wofuna kuyamba kuonera ayenera kudziwiratu. Oulutsa amalankhulira anthu a ku Canada amene anakulira mu mpirawu, motero saima kuti afotokoze chifukwa chake mbali iliyonse ili ndi osewera 12, kapena chifukwa chake owakha mpira amaloledwa kuthamangira kutsogolo mpira usanaperekedwe kwa woponya. Popeza CFL+ inapangidwira makamaka anthu akunja, ndikuona kuti kanthawi kochepa kophunzitsa malamulo pa nthawi yopuma kakanathandiza kwambiri kukopa oonera atsopano. Komanso kamera yaikulu imatsata mpira, pamene bwalo la ku Canada ndi lalikulu, mayadi 110 m'litali ndi 65 m'lifupi. Zotsatira zake n'zakuti otchinga akumbuyo, amene anali mbali yaikulu ya nkhani ya Winnipeg, amatuluka m'chithunzi mpira ukangoyamba, ndipo woonera amangowaona pamapeto akuuphumitsa. Woweruza timu mozama amafuna kuona bwalo lonse nthawi imodzi.

Nkhani ya nthawi si mlandu wa CFL+, komabe ndi yolemera kwa ife. Malawi ali patsogolo pa Winnipeg ndi maola 7 m'miyezi imeneyi, choncho masewero oyamba 7:30 madzulo kumeneko amayamba 2:30 usiku kuno, n'kutha kukucha. Masewero a ku Vancouver amachedwa kuposa pamenepo. Ulerewo ndi wa kuonera kokha, bandulo ya intaneti ndi yanu, ndipo maola atatu a kanema amaidya mosanyengerera, motero ndi bwino kugula yausiku kapena kukhala pa Wi-Fi.

Ngakhale zili choncho, ndikuilimbikitsa CFL+ kwa aliyense wokonda masewero amene akufuna kuidziwa ligi ya matimu 9 imeneyi. Mu 2024 nthawi yabwino yoyambira inali kuchiyambi kwa Sepitembala, pamene Winnipeg inapita ku Regina kukakumana ndi Saskatchewan Roughriders pa Labour Day Classic, ndipo sabata yotsatira matimu omwewa anakumananso ku Winnipeg pa Banjo Bowl. M'chigawo cha kumadzulo, mmene muli matimu awiriwa, matimu awiri apamwamba okha ndi amene ankatsimikizika kupitirira ku ndime yolimbirana Grey Cup, ndipo masewero awiri amenewa ndiwo ankayembekezeka kuonetsa ngati Collaros ndi anzake afika pa muyezo umene otchinga awo aika.