Kubwereka njinga pa voie verte ya ku Cluny ku France: ndalama yake ikuyenera?

Anzanga a kuno ku Mangochi amene munamva zoti ndinakapalasa njinga ku France mwakhala mukundifunsa funso limodzi lomwelo, eti munthu ungapite kutali konseko n'kukalipira mayuro kuti utchove njinga, pomwe pa Boma pano njinga zili mbwee ndipo wakabaza amakunyamula ndi chenje? Yankho langa ndi loti eya, lipirani ndithu mukapeza mwayi. Koma pali zingapo zimene shopu yobwereketsa njingayo sinandisangalatse nazo ndiye ndinena zonse, zabwino ndi zoipa zomwe.

Ife tinapita ndi gulu la achinyamata a kutchalitchi ku Taizé, kamudzi ka pa phiri m'chigawo cha Bourgogne komwe kuli abale achipembedzo aja anayambitsidwa ndi Frère Roger mu 1940. Kumunsi kwa phirilo kumadutsa njira ya njinga imene iwo amati voie verte. Kale inali njanji ya sitima, sitima zitasiya kuyenda anazula zitsulo n'kuthira tala. Gawo la pakati pa Givry ndi Cluny, makilomita 44, linatsegulidwa mu 1997 ndipo ndi lomwe amati linali loyamba la mtundu umenewu m'dziko muja. Pano njirayo inatalikitsidwa, imachoka ku Chalon-sur-Saône mpaka kufupi ndi Mâcon, makilomita pafupifupi 70, tingoti ngati kuchoka pa Boma kukafika ku Monkey Bay. Mtunda wonsewo galimoto ndi yoletsedwa, njinga yamoto ndi yoletsedwa, mumangoyenda a njinga zakapalasa, oyenda pansi, ana a nsapato zamatayala zija komanso anthu a pa wilitcheya.

Mashopu obwereketsa njinga alipo angapo m'mbali mwa njirayi. Amene tinapitako ife anatilandira bwino kwabasi. Mayi amene anali pa kauntala sanangotiponyera njinga ayi, anandiimika pambali pa njingayo n'kukweza chishalo mpaka chifike m'chiuno, kenako anati ndizungulire pabwalo iye akuyang'ana mawondo anga ngati akuwongoka bwino ndikamapalasa, anatsitsako pang'ono n'kumanganso. Anandionetsanso kuti buleki ya kumanzere ndi ya tayala lakutsogolo, izi muziyesa kaye musanathamange chifukwa mabuleki ake amagwira nthawi yomweyo, si aja timathandizira ndi phazi. Mu mtengo womwewo anatipatsa loko, pampu, chubu chapadera, helumeti, kachikwama kokoleka pa keliyala ndi mapu a pepala osonyeza midzi yonse ndi pomwe pali zimbudzi. Tcheni chinali choyera chothira oyilo, magiya akulowa osakhekhetera, matayala opopa bwino. Pamenepa ndilibe dandaulo ngakhale limodzi.

Njinga zilipo za mitundu iwiri, wamba ya magiya ndi ya batire. Ya batire imakuthandiza ukamapalasa mpaka liwiro la makilomita 25 pa ola, kupitirira apo motayo imasiya, ndi lamulo la kumeneko. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri kuposa ya wamba. Ine ndikuti munthu amene wakulira kuno, woti unasenzapo thumba la chimanga pa keliyala kapena unakwerapo zitunda za njira ya ku Namwera, ya batire siukuifuna, sunga ndalama yako. Sitima simakwera chitunda chachikulu ndiye pafupifupi njira yonse ndi yongosendera pang'onopang'ono, umangozindikira kuti unali kukwera pobwerera njinga ikamathamanga yokha. Koma amayi ena achikulire a m'gulu lathu anatenga ya batire ndipo anafika nafe limodzi akuseka, ndiye kwa iwo inali ndalama yogwira ntchito.

Tsopano chimene chinandigwira mtima, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba zonsezi. Ife kuno timapalasa njinga khutu lili kumbuyo. Aliyense amene anayendapo pa M3 kupita ku Liwonde kapena pa msewu wa ku Monkey Bay akudziwa, ukangomva hutala ya thiraki kapena minibasi sumaganizanso, umangotsikira mumchenga m'mbalimo, katundu agwe asagwe zilibe kanthu bola moyo. Tataya anthu ambiri akabaza mwa njira imeneyi, ena timawadziwa ndi maina, anasiya ana ang'onoang'ono. Ndiye nditayamba kupalasa pa voie verte paja khosi langa linkangotembenuka lokha kuyang'ana kumbuyo, thupi silinkakhulupirira kuti kulibe chimene chikubwera. Panatenga nthawi ndithu kuti mapewa atsike. Kenako ndinayamba kumva zinthu zoti pa njinga sindinazimvepo, kulira kwa tayala pa tala, mbalame m'mipanda ya mitengo, ng'ombe zoyera zija za Charolais zikubudula udzu kuseri kwa waya. Tinadutsa agogo ena aamuna akukoka kangolo kumbuyo kwa njinga, mkatimo mdzukulu ali mtulo tofa nato kachipewa katapendekera kumaso, ndipo kutsogolo kwawo kamtsikana mwina ka zaka zisanu kakupalasa kokha kakupita uku ndi uku pakati pa njira, palibe amene ankakakuwira kuti pita kumbali. Zinandikhudza kwambiri abale, ndinaganiza za ana athu amene amapita ku sukulu pa njinga m'mawa uliwonse akupikisana ndi malole.

Osati kulibiretu ngozi. Njirayi imadumpha misewu ya galimoto malo ambiri ndipo pamenepo anaika zotchinga zoti uchepetse liwiro, nthawi zambiri wanjinga ndi amene umayenera kuima n'kuyang'ana. Kumbukiraninso kuti kumeneko amayenda kumanja, ndiye podumpha msewu galimoto yoyamba ikuchokera kumanzere kwanu. Ana osakwana zaka 12 helumeti ndi lamulo. Ndipo mukakumana ndi munthu mupatseni moni wa bonjour, amayankha bwinobwino.

Malo amene simuyenera kuwaphonya ndi thanelo ya Bois Clair, kum'mwera kwa Cluny popita ku Mâcon. Ndi mphanga imene anaboola pansi pa phiri kuti muzidutsa sitima, kutalika kwake kilomita imodzi ndi mamita 600, pano mumadutsa njinga. Kuti ukafike pakhomo pake pali kachitunda kowawa ndithu, apa pokha ndi pomwe ena a ife anatsika n'kumakankha. Ukangolowa kuzizira kumakumenya kumaso, mkatimo mumakhala madigiri 11 kapena kuyandikira apo ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo, madzi akudontha kuchokera kudenga, magetsi alimo koma ofooka, ndipo mawu amamveka mobwerezabwereza moti anyamata athu anayambitsa nyimbo ya kwaya ndipo azungu amene ankabwera kutsogolo anayamba kuliza mabelu a njinga zawo potiyankha. Tengani juzi, ndikunenetsa, ife a ku nyanja kuzizira kotere sitinakuzolowere. Dziwaninso kuti thaneloyi amaitseka miyezi yozizira, kuyambira mu Okutobala mpaka cha mu Epulo, chifukwa mumagona mileme imene boma limaiteteza. Ikatsekedwa pali njira yolambalala koma ndi ya zitunda ndipo imadutsa m'misewu ya galimoto. Ukatuluka mbali inayo umaona nyumba ya malinga ya Berzé-le-Châtel pamwamba pa phiri ndi minda ya mphesa mpaka uko.

Ku Cluny kweniko kuli mabwinja a nyumba ya amonke imene inakhazikitsidwa mu 910, tchalitchi chake chinali chachikulu kuposa china chilichonse ku Ulaya mpaka pomwe anamanga St Peter's ya ku Rome, koma chambiri chinagumulidwa pambuyo pa kuukira boma kwa mu 1789, anthu n'kumagula miyala yake. Kumpoto kuli Cormatin komwe kuli nyumba yachifumu ya m'zaka za m'ma 1600 yozunguliridwa ndi madzi. Kulowa m'malo onsewa ndi kolipira padera, shopu ya njinga sikukhudzidwa.

Tibwere ku zondinyansa. Choyamba ndi dipoziti. Shopu ija inkafuna khadi ya banki yoti atsekerepo ndalama yambiri ndithu ngati chikole, ndipo makhadi athu a ku Malawi mukudziwa mavuto ake a foreksi, langa linakana, la mnzanga linakananso. Ndalama ya m'manja anaikana poyamba, pasipoti sitikanawasiyira. Tinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka mtsogoleri wa gulu lathu amene amakhala konko anabwera kudzaika khadi lake m'malo mwa tonse. Akanalemba izi poyera pa tsamba lawo tikanakonzekera. Funsani za chikole musananyamuke, ndipo funsani ngati amalandira kashi.

Chachiwiri, nthawi. Amatseka masana kukadya ndipo madzulo amatseka msanga pomwe mu Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndiye nthawi yabwino yeniyeni yopalasa, kunja kutazizira bwino, njinga umakhala utabweza kale. Ukachedwa amakuwerengera tsiku lina. Komanso njinga umayenera kuibweza pomwe unaitenga, ukafuna kuisiya kutsogolo kuti ubwerere pa sitima pali ndalama ina yowonjezera. Pepala la mgwirizano linali la Chifalansa chokhachokha, tinasaina titawerenga ndi foni. Chishalo nachonso chinali chowuma, pofika madzulo aliyense ankakhala chammbali.

Za chakudya si vuto la shopu koma ndikuchenjezeni. M'njira muja mulibe ogulitsa m'mbali ngati kwathu kuno, palibe wa chimanga chootcha, palibe wa madzi a m'mapepala, ndipo m'midzi ing'onoing'ono magolosale amatseka kuyambira cha m'ma 12 mpaka 2 koloko kapena kupitirira, Lamlungu masana ndi Lolemba ambiri satsegula n'komwe. Gulani buledi, tchizi ndi zipatso m'mawa muike m'chikwama. Matebulo okhalapo podya alipo ambiri pa masiteshoni akale. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa pokhapokha atalemba kuti eau non potable, kutanthauza madzi osayenera kumwa. Pofuna malo ogona yang'anani chikwangwani cha Accueil Vélo, amenewo amakhala pafupi ndi njira ndipo ali ndi posungira njinga potetezeka.

Chinanso, musamve kuti njira ya njinga ya ku France ndiye basi yonse ilibe galimoto. Imene yalembedwa kuti véloroute imasakaniza, pena muli nokha pena muli mumsewu waung'ono limodzi ndi magalimoto ndi mathirakitala. Loire à Vélo yotchuka ija, ya makilomita pafupifupi 900, ndi yotero. Ya m'mbali mwa Canal du Midi nayo malo ena ndi yafumbi yodzaza mizu ya mitengo. Ngati muli ndi ana kapena munthu wamantha pa msewu, funsani voie verte yeniyeni, ndipo iyi ya Chalon mpaka Mâcon ndi yabwino kuyambira chifukwa mbali zonse ziwiri kuli siteshoni ya sitima.

Shopuyo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, imodzi ndachotsa chifukwa cha nkhani ya chikole ija ndi kutseka msanga. Njirayo payokha zisanu zonse. Amene mukupita ndi gulu lotsatira mu Julayi kapena Ogasiti, bukitsani njinga pasadakhale chifukwa nthawi imeneyo ndi ya holide kumeneko ndipo zimatha m'mawa, makamaka za ana ndi za batire.