Lamba wa Velcro kapena kabokosi: kumangirira batire pa loboti ya mpikisano

Ophunzira a ku Lilongwe amene akukonza loboti yokapikisana nayo amayenera kusankha njira yomangirira batire la mphamvu ya mavolti 12, lomwe ndi chimodzi mwa zinthu zolemera kwambiri pa loboti yonse. Lamba wa Velcro, yemwe amamatana ndi timano ting'onoting'ono, ndi wotsika mtengo, ndipo amathandiza kuti batire lotha moto lichotsedwe msanga masewero ena asanayambe. Koma fumbi la mwezi wa Okutobala likalowa m'timano take, lambayo sagwiranso bwino, ndipo loboti ikagundana ndi inzake batire limasuntha n'kukoka waya mpaka pulagi kuzuka. Ndinaonapo loboti itangoti zii pakati pa bwalo, ana atagwira njakata, ntchito ya miyezi yambiri itathera pomwepo.

Kabokosi ka aluminiyamu komangidwa ndi mabawuti, omwe amapezeka m'mashopu a mumsewu wa Malangalanga, kamadya nthawi pokakonza ndiponso kamawonjezera kulemera. Ngakhale zili choncho, ine ndimakonda kameneka, makamaka kakaikidwa pansi, pakati pa mateyala, kuti loboti isagudubuzike pokhota. M'kati mwake muyalidwe siponji, ndipo nsonga ya bawuti isakhudze batire, chifukwa batire la lithium likabowoka limatha kuyaka moto. Pamwamba pakhale potseguka, lamba mmodzi akupanikiza batirelo kuti lisadumphe.