Kliniki ya pa intaneti ya "kachilombo ka chitopa" pa khansa: nyenyezi 2 chabe

Amayi aang'ono anawapeza ndi khansa ya bere ku Chipata Central, anatitumiza ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ndiye podikira tsiku mlongo wanga anaona kliniki ina yakunja pa Facebook, akuti amachiza khansa ndi kachilombo ka chitopa. Eee, chitopa chomwechi chimene chimatimaliza nkhuku chilimwe chilichonse! Ndinalipira konsoteshoni ya pa vidiyo, tinakhala pa khonde kuno ku Kapata foni itatsamira pa kapu ya tiyi, netiweki ikudukaduka.

Zabwino ndinene: dokotalayo anafotokoza modekha kuti kachilomboka kamaswana bwino m'maselo a khansa chifukwa chitetezo chawo ndi chofooka, kamawaphulitsa, kenako thupi limadzuka kuyamba kulimbana ndi chotupacho, ndipo mwa munthu nthawi zambiri kamangofiiritsa maso kapena kubweretsa kachimfine. Izi ndi zoona, asayansi akufufuzadi.

Koma nditafunsa ngati ndi mankhwala ovomerezeka anayamba kuzungulira ngati galu wofuna pogona. Akadali oyesera basi. Mankhwala a mtunduwu amene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mu 2015, otchedwa T-VEC, ndi a khansa ya pakhungu ndipo amapangidwa ndi kachilombo ka herpes ka anthu, osati ka nkhuku. Mapepala a amayi sanawawerenge nkomwe koma invoisi ya madola inafika tisanadule foni, ndege ndi malo ogona zolipira tokha. Amayi anangoti "mwanawe zimitsa, bandulo ikutha." Lachiwiri tikukwera basi ya ku Lusaka kukayamba kemo, mankhwala a khansa a ku chipatala.