Kaligo, bangwe kapena vayolini wa m'kompyuta?

Filimu yomwe ndikuikira nyimbo ndi ya mayi wa ku Makhanga amene mwana wake adapita ndi madzi osefukira a mu 2015, ndipo usiku uliwonse amamva mwanayo akumuitana kumtsinje. Mfiti mulibe, mfuti mulibe. Zoopsa zonse zili m'mutu mwa mayiyo, ndiye nsambo n'zimene ziyenera kutilowetsamo. Ndayesa njira zitatu.

Vayolini wa m'kompyuta savuta. BBC Symphony Orchestra Discover, pulogalamu ya mawu a zoimbira ya kampani ya Spitfire, ndi yaulere, ndipo mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, imalira bwino. Paja Bernard Herrmann adaopseza dziko lonse ndi zoimbira zansambo zokhazokha mu filimu ya Psycho mu 1960. Koma nditaika mavayolini makumi awiri pa chithunzi cha mayi akupalasa bwato pa Ruo, zidaoneka ngati wavala jekete ya mwini, yaikulu m'mapewa.

Bangwe ndi wathu kuno, Asena ndi Amang'anja tidakula naye. Vuto lake nlakuti ndi wansangala. Woimba akangokhwatcha nsambo zisanu ndi ziwirizo, tizitsekerero ta mabotolo n'kuyamba kunjenjemera pachitini, mapazi a oonera amayamba okha kugunda pansi. Ndidachotsa tizitsekereroto, n'kumupempha mkulu woimba bangweyo kuti azikodola nsambo imodzi, kenaka adikire. Adandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, nati kumeneko si kuimba ayi. Komabe pamene mayi akukumbukira mwana ali moyo, bangwe palibe womposa.

Kaligo ndiye adandiimitsa tsitsi. Nsambo ndi imodzi, uta ukukwecha, ndipo chala chimatsetsereka popanda pokakamira, mawu n'kumapindika ngati munthu wolira chamumtima. Maikolofoni mukaiyandikiza kwambiri, kukwecha kuja kumamveka ngati kupuma kwa wodwala. Amatopetsa, kunena zoona. Chikopa cha kang'oma kake chimakungika ndi kutentha kwa mu Okutobala, kukachita chinyezi n'kukhwefuka, choncho zomwe mwajambula m'mawa sizigwirizana ndi zamadzulo. Jambulani zonse nthawi imodzi, fani atazimitsidwa, ngakhale thukuta likamuke bwanji. Ife tidajambula 4 koloko mbandakucha ku Bangula, atambala asadayambe.

Ndasankha kaligo pamwamba, ndi mawu amodzi otsika a chelo (vayolini wamkulu wa mawu a besi) wa m'kompyuta kunsi kwake. Muchune kompyutayo kuti itsate kaligo. Ine poyamba ndidachita mosemphanitsa, ndidawongola kaligo ndi Auto-Tune, pulogalamu yowongola mawu opindika, ndipo mwana wa kumtsinje uja adasanduka hutala ya kabaza.