Ku Isola Bella: Ndi Wotsogolera Kapena Pawekha?

Ukakhala ku Milan, m'dziko la Italy, n'kufuna kukaona Isola Bella, kachilumba ka pa nyanja ya Maggiore, njira zilipo ziwiri. Ukhoza kulipira ulendo wa gulu wokhala ndi wotsogolera, kapena kudzikwerera sitima ya pamtunda mpaka ku Stresa, mtunda wa ola limodzi ndi mphindi zingapo, kenako boti.

Pagulu sudandaula za matikiti, ndipo wotsogolera amakuuza zomwe maso okha sangaone: kuti banja la Borromeo linayamba kumanga chinyumba chake pachilumbachi mu 1632, kuti dzina la chilumbachi linachokera kwa Isabella D'Adda, mkazi wa Carlo III wa m'banjalo, ndiponso kuti Napoleon anagonamo mu 1797. Koma nthawi ndi yawo. Ukangoima kuti uyang'anitsitse mapikoko oyera akutambasula michira pa kapinga, wamva kale akuitana kuti boti likunyamuka.

Ine ndingasankhe kupita ndekha. Munda wa pachilumbachi unakonzedwa m'magawo 10 osanjikizana ngati makwerero, odzaza ziboliboli, maluwa ndi mitengo ya mandimu, ndipo si malo oyenda mothamanga. Njala ikakupweteka, umawolokera ku Isola dei Pescatori, kachilumba kena ka pafupi pomwepo, kukadya nsomba za m'nyanjamo mtima uli m'malo. Chovuta n'chakuti nthawi za maboti ndi sitima uyenera kuzitsata wekha, ukachedwa palibe wokudikira. Nyengo yozizira nyumba ndi mundawo amatseka, choncho ulendowu ukonze pakati pa Epulo ndi Okutobala.